Zida za Sauli Pathupi la Davide

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, m'nyumba zathu zambiri mumabuka funso: kodi mwana uyu akaphunzire ntchito yanji? Kholo limene linagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti lilipire fizi zaka zinayi za ku sekondale limakhala nalo kale yankho: udokotala kapena zamalamulo. Mwanayo, amene manja ake amadziwa kudzutsa wailesi yakufa, amangoweramitsa mutu. Kodi nkulakwa kuti iye atsate luso lake pamene makolo amene anamuvutikira akufuna zina?

Werengani 1 Samueli 17:34-40. Sauli sanamfunire Davide choipa. Anamveka chisoti chamkuwa ndi malaya achitsulo, zida zopambana zimene mfumu inali nazo. Davide anayesa kuyenda nazo nalephera, popeza sanazizolowere. Anazivula, natola miyala isanu mumtsinje. Tizindikire kuti mnyamatayo sanakane nkhondo. Chimene anakana ndi zida za mwini. Ife makolo tikhoza kuchita monga Sauli: kuveka mwana, mwachikondi, maloto amene ife tinalephera kuwakwaniritsa.

Cholakwa chathu china ndicho kuika ntchito ya mu ofesi pamwamba pa ntchito ya manja. Pa Eksodo 31:1-5 tiona Mulungu akumtchula Bezaleli dzina, namdzaza ndi Mzimu wake kuti asule golidi, siliva ndi mkuwa, aseme miyala ndi mitengo. Ambuye wathu anali mmisiri wa matabwa, ndipo Paulo ankasoka mahema. Ngati luso limachokera kumwamba, kusankha ntchito ndi nkhani ya ukapitawo, monga momwe iliri nkhani ya chakhumi.

Kusankha molakwa sikupweteka wosankha yekha. Ku Malamulo, m'boma la Thyolo, kumene mpingo wathu wakhala ukutumikira kuyambira 1902, amaphunzitsa anamwino ndi antchito ena azachipatala. Mtsikana wolowa kumeneko chifukwa chokhumbira yunifolomu yoyera, mtima wake usali pa odwala, adzalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Koma wovutika ndi mayi amene adzamuitana pakati pa usiku. Mwina mtsikanayo akanapita ku Bunda kukaphunzira zaulimi, mudzi wonse ukanadalitsika naye. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Komatu achinyamata achenjere nawonso. Luso ndi chilakolako nzosiyana. Davide asanaime pamaso pa Goliati anali atalimbana kale ndi mkango ndi chimbalangondo kubusa. Luso lenileni limasiya mapazi: phunziro limene timakhoza chaka ndi chaka, ntchito imene anansi amatiitanira, chinthu chimene timachita mpaka dzuwa kulowa osadandaula. Aphunzitsi ndi makolo amaona zimene ife sitidziona. Chotero lamulo lachisanu silikutha mphamvu. Kulemekeza atate ndi amayi ndiko kumva uphungu wao modzichepetsa, ndi kuwauza zoona za chimene tingathe, zaka ndi ndalama zao zisanaonongeke.

Nanga iwo amene alibe mwayi wosankha, popeza malo a ku koleji ndi ochepa ndipo fizi ndi yovuta? Fanizo la matalente (Mateyu 25:14-30) liwatonthoza. Mbuye anagawira yense monga mwa mphamvu zake. Wa matalente awiri sanafunsidwe asanu, ndipo analandira chiyamikiro chofanana ndi cha mnzake. Wotsutsidwa anali yekhayo amene anakwirira talente yake. Khomo la koleji likatsekeka, luso likhoza kukula pa shedi ya kalipentala, pa makina osokera, kapena m'dimba.

Mafunso okambirana: Kodi ndi zida ziti za Sauli zimene taveka ana athu? M'kalasi mwathu muno, ndani ali ndi luso limene sitinamuuzepo kuti timaliona?