Kope la msungichuma

Kunja kukadali mbuu, ena mwayamba kale kukoleza mbaula.

M'mawa uno maganizo anga ali pa mayi wina wa m'dera lathu, msungichuma wa komiti ya chitukuko. Salandira malipiro. Ali ndi kope lakutha m'mbali, lomwe amalisunga m'jumbo kuti lisanyowe. M'menemo muli khomo lililonse: amene wasonkha ya simenti, amene walonjeza mawilibala awiri a mchenga, ndi amene amangoti "mawa". Pa msonkhano wa pansi pa mtengo wa mango amawerenga zonse mokweza, osasiyako ndi tambala yemwe, chifukwa amadziwa kuti ndalama ya gulu ikayamba kubisika anthu amaleka kusonkha.

Mu 2020 boma lidakhazikitsa tsiku loyeretsa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Koma ngalande yodzaza zinyalala sidikira tsikulo. Mvula ya Januwale ikatsika, madzi amalowa m'nyumba ya wosonkha ndi ya wosasonkha yemwe, kolera n'kutsata pambuyo. Otsegula ngalandeyo amakhala anthu ochepa omwe aja, Loweruka m'mamawa, makasu ndi mafosholo m'manja, anzawo akuwaonerera pakhonde. Mutu umodzi susenza denga, timanena tonse, koma denga la dera lathu lakhala pa mitu yowerengeka.

Mayiwa akagogoda kwanu sabata ino, atsegulireni. Ngati m'thumba mulibe kanthu, auzeni tsiku limene mudzabwere ndi khasu, alembe m'kope lawo. Muswere bwino.