Madzi Saiwala Khwawa

Madzi atasefukira ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale ndi kuchiyambi kwa Malichi 2024, anthu anafa, nyumba zinagwa, msewu wa M5 unaduka, ndipo mabanja ochuluka a m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda anakagona m'makalasi a sukulu. Ena anachita kupulumutsidwa pa maboti. Koma matope asanaume n'komwe, chiweruzo chimene timachimva chaka ndi chaka chinali chitaperekedwa kale: anthuwa ndi osamva, amamangiranji nyumba m'njira ya madzi? Mwambi umene umafika msanga pakamwa pa oweruza otere ndi wakuti madzi saiwala khwawa. Mwambiwu ndi woona, ndipo palibe wa kunyanja amene angautsutse. Chondipweteka mtima n'chakuti ukuponyedwa kwa munthu amene wataya chimanga, mbuzi ndi zofunda, chonsecho makolo anausiyira anthu amene ali ndi mphamvu yogawa malo. Tanthauzo lake n'lakuti chimene chinalipo kale chimabwerera, ndipo wolamulira amene sasamala mbiri ya malo amaika anthu ake pangozi.

Mbiri ya Dwangwa ndi mbiri ya mtsinje. Mtsinjewu umayambira kumtunda kwa Kasungu, kudera la nkhalango yotetezedwa ija, n'kutsika mapiri mpaka kudzathira m'nyanja ya Malawi. Chigwa chonse chimene lero chadzaza ndi nzimbe chinapangidwa ndi mtsinje womwewu: chaka chilichonse unkasefukira, n'kusiya dothi lachonde. Achewa ndi Atonga amene ankakhala kuno fakitale isanabwere ankadziwa zimenezi. Mpunga ankalima m'dambo, chinangwa pamchenga, nsomba ankapha m'nyanja ndi m'matamanda, koma mudzi ankaumanga pamalo okwera amene madzi sankafikapo. Sanali anzeru kuposa adzukulu awo a lero. Anali ndi malo oti asankhepo, ndipo kusiyana kwagona pamenepo.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda ndi kampani ya Lonrho, imene inali kale ndi munda wa nzimbe ku Nchalo, anasankha chigwachi kuti chikhale munda wachiwiri. Lamulo la malo la 1965 linkapatsa nduna mphamvu yobwereketsa malo a makolo, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi panalibe nyakwawa imene ikanaimirira n'kukana. Midzi inasamutsidwa. Bungwe la Smallholder Sugar Authority linakhazikitsidwa mu 1978 kuti liyang'anire alimi ang'onoang'ono a nzimbe, fakitale inayamba kugaya mu 1979, ndipo mu 1982 kampani ya Ethco inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga. Kampani ya Illovo inagula minda ya Lonrho mu 1997. Pa zaka zonsezi anthu ankabwera kudzafuna ntchito: Alomwe a ku Mulanje ndi ku Thyolo, Asena a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, Atumbuka, Ayao, Angoni. Ambiri sanabwererenso kwawo. Anakwatira, anabereka, ana awo n'kukhala amalonda a usipa, akabaza, atelala, akalipentala ndi ogulitsa mpunga pamsika. Tauni imene inabadwa chotero ndi yokoma mwa njira yake: zilankhulo zingapo zimamveka pa benchi imodzi ya tchalitchi, Asilamu ndi Akhristu amathandizana pamaliro, ndipo pabwalo la Chitowe onse amakuwira timu imodzi ya Dwangwa United. Koma tauniyi inakula popanda woikonzera mapu, yopanikizika pakati pa nzimbe, msewu, mtsinje ndi nyanja. Malo abwino atatha, otsala anali a m'khwawa. Kudzudzula munthu amene anamanga pamenepo kuli ngati kukalipira mwana amene wagona m'mphepete mwa mphasa chifukwa chogubudukira pansi, pamene pakati pagona akuluakulu.

Kumtunda nakonso kuli mlandu. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 ndi 1980 minda ikuluikulu ya fodya inafalikira m'boma la Kasungu, ndipo fodya wa fuluu amadya nkhuni zambiri. Pambuyo pake makala anapitiriza pamene fodya anasiyira. Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula sipeza nthawi yolowa pansi. Imathamanga ndi dothi n'kukalitula mumtsinje. Mtsinje wodzaza mchenga sungasunge madzi amene unkasunga kale, ndiye umasefukira msanga ndiponso mwaukali. Mayi wa ku Dwangwa amene nyumba yake inagwa sanadule mitengo ya ku Kasungu, koma ndi iye amene analipira.

Wina anena kuti ndikunyoza chala chimene chikudyetsa dera lonse. Ndivomera kuti shuga wabweretsa zambiri: ntchito kwa anthu zikwizikwi, magetsi, chipatala cha Matiki, sukulu, mabanki, ndi ndalama zakunja zimene dziko limazisowa. Popanda fakitale, Dwangwa ikanakhala mudzi wa asodzi wosadziwika kunja kwa boma la Nkhotakota. Koma phindu silifafaniza ngongole. Ngati luso lilipo loyendetsa madzi m'ngalande mpaka kufika pa mzere uliwonse wa nzimbe, ndi kuwachotsa m'munda akachuluka, ndiye kuti luso lilinso lotetezera nyumba za anthu amene amadula nzimbezo. Chimene chakhala chikusowa kwa zaka zoposa 40 ndi mtima woika munthu pa mlingo umodzi ndi mbewu, ndipo udindo umenewu uli pa boma, pa khonsolo, pa mafumu ndi pa onse amene amapindula ndi chigwachi.

Winanso anena kuti alipo anthu amene amapatsidwa malo kumtunda koma amabwerera okha madzi akaphwera. Alipodi, ndipo alipo ena ochepa amene amabwerera chifukwa cha liuma basi. Amenewo mwambiwu uwakhudze. Koma tisanawerengere onse m'gulu limenelo, tifunse kuti kumtunda kumene akutumizidwako kuli chiyani. Msodzi sangakhale kutali ndi bwato lake. Wodula nzimbe amayenera kufika kumunda kusanache. Mayi amene amadyetsa ana ake ndi dimba la m'dambo sangadye mwala wa paphiri. Ngati malo atsopanowo alibe mjigo, sukulu, chipatala ndi munda, ndiye kuti munthu wapatsidwa kusankha pakati pa madzi amene amabwera mwa apo ndi apo ndi njala imene imabwera tsiku lililonse. Amene wabwerera m'khwawa pa chifukwa chimenechi wawerengera bwino, ndipo wolephera ndi amene anamusamutsa.

Pali amenenso amati mvula ya 2024 inali yachilendo, nyengo yasintha, palibe akanachitapo kanthu. N'zoona kuti nyengo yasintha. Chaka chomwecho chimene Dwangwa inamira, zigawo zina za dziko zinapsa ndi ng'amba, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Nyanja nayo inakwera kwambiri chaka chimenecho. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa mlandu m'malo moupeputsa. Ngati tikudziwa kuti mvula yamphamvu izibwera kawirikawiri, ndiye kuti tsiku lililonse limene tikhala osakonzeka tikusankha dala kuti ena adzamire. Chigumula chimene chimabwerera malo omwewo sichiyenera kutchedwanso ngozi yogwa mwadzidzidzi.

Mwambiwu uli ndi phunziro linanso limene olamulira safuna kulimva: mtima wa munthu wolandidwa malo nawonso suiwala. Ulimi wa nzimbe wa alimi ang'onoang'ono utakulitsidwa pansi pa Dwangwa Cane Growers Trust, bungwe limene linalowa m'malo mwa Smallholder Sugar Authority, mikangano ya malo inabuka ku Kazilira ndi ku Nkhunga, ina mpaka kufika kukhoti. Ena anapeza bwino ndi nzimbe, anamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana; ena anataya minda ya mpunga ndi chinangwa imene inkawadyetsa. Pamene akulu a mudzi akufotokozera adzukulu awo malo amene panali manda a makolo, dandaulolo limalowa m'badwo watsopano. Tauni imene anthu ake akusungirana chakukhosi pa nkhani ya malo singagwirizane pa nkhani yosamuka, chifukwa aliyense amaopa kuti akachoka, pamalo pakepo pamera nzimbe za wina.

Malamulo oti atithandize alipo kale. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake, ndipo lamulo la 2023 loona za ngozi limapereka mphamvu yoletsa kumanga m'malo oopsa. Chofunika n'chakuti awiriwa ayendere limodzi. Khonsolo ya Nkhotakota ikhale pansi ndi nkhalamba za m'midzi ya Kanyenda, zimene zikudziwa pamene mtsinje unkadutsa kale, n'kujambula mapu oonetsa malo oopsa. Banja lililonse losamutsidwa lilandire chikalata cha malo atsopano, ndiponso litsimikiziridwe kuti dimba lake la m'dambo likhalabe lake. Mjigo ndi sukulu zifike anthu asanafike. Kampani ndi alimi a nzimbe, amene chuma chawo chimachokera m'madzi a mtsinjewu, asonkhe nawo ndalama zomangira zotchingira madzi ndi zobwezeretsa mitengo kumtunda. Zimenezi zikachitika, pamenepo tidzakhala ndi ufulu wodzudzula munthu womanga m'njira ya madzi. Kufikira tsiku limenelo, amene ayenera kuyankha mlandu wa Dwangwa ndi amene anagawa chigwachi ndi amene akuchilamulira lero.