Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaitokosa ndi kamtengo imabwerera m'chigoba, ukaitokosanso imalowereratu. Amene amaona maso ake ndi uja wakhala pansi n'kudikira. Mwambi umenewu wandikhala pamtima nyengo ino yotentha, poona mmene ana athu muno m'Chaisa akuvutikira ndi ziphuphu za kumsana, ndi mmene akuzikulitsira pofuna kuti zithe usiku umodzi.

Okutobala akafika, dzuwa la Lusaka silisewera. Pitani ku msika wa Mandevu kapena ku Soweto mukaone anyamata a mawilibala ndi onyamula matumba a makala. Jezi ya mpira ya pa salaula, ya nayiloni, yamatirira pamsana chifukwa cha thukuta losakanikirana ndi fumbi, thumba la ufa la makilogalamu 25 likukhuza paphewa kuyambira m'mawa. Mwana wa sukulu naye chikwama chili pamsana ulendo wonse, mayi wabereka mwana ndi chitenje chothina, kondakitala watsamira mpando wa pulasitiki tsiku lonse. Akavula madzulo, msana uli buu ndi ziphuphu, zina zofiira, zina za mitu yoyera, zina zasiya kale mawanga akuda.

Adzukulu anga, tiyambe tadziwa chimene tikulimbana nacho. Khungu lili ndi timabowo momwe mumamera ubweya, ndipo m'mbali mwa kabowo kalikonse muli kathumba kopanga mafuta. Timatumba timeneti tachuluka kumaso, pachifuwa ndi kumsana. Mwana akamatha msinkhu, mahomoni amachulukitsa mafutawo. Akasakanikirana ndi khungu lakufa lofunduka, kabowo kamatsekeka, ndipo tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense, timaswana m'katimo mpaka pamalopo patupa. Thukuta, kutentha ndi kukhuzika kwa katundu zimangokolezera. Choncho si ufiti, si tsoka la kumakolo, ndipo sizipatsirana pobwerekana malaya.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ena amati wadya nsawa zambiri, chonsecho ofufuza amakayikira kwambiri zakumwa zotsekemera ndi zakudya za shuga wambiri. Koma bodza limene limandiwawa koposa ndi lija louza wachinyamata kuti ziphuphu zimatha akagona ndi mkazi kapena mwamuna. Bodza limeneli silinachize msana wa munthu ndi mmodzi yemwe. Chimene labweretsa m'makomo mwathu ndi mimba za ana a sukulu ndi matenda.

Tsono pali msampha wina wa pa kantemba. Mwana wa mnansi wanga, mtsikana wofatsa woimba kwaya, ankachita manyazi kuvala diresi yotsegula m'mapewa. Mnzake anamugulitsa kachubu ka mafuta oyeretsa khungu. Sabata yoyamba kufiira kunazilala, iye n'kukondwa. Patapita miyezi ingapo mayi ake anabwera naye kwa akazi anga, misozi ili m'maso. Mapewa anali mbuu ngati ochucha, khungu lopyapyala mpaka timitsempha kuoneka, mizere yong'ambika m'khwapa, ndipo tiziphuphu tofanana msinkhu tinali titadzaza msana wonse kuposa poyamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta oyeretsa khungu monga Movate ndi Diproson ali ndi mankhwala amphamvu a gulu la masiteroidi, clobetasol ndi betamethasone. Ndi mankhwala enieni a matenda ena a khungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka. Munthu akawasandutsa mafuta odzola tsiku ndi tsiku, iwo omwewo amabala ziphuphu. Boma linakhazikitsa bungwe la ZAMRA kudzera m'lamulo la mankhwala la 2013 kuti liziyang'anira zogulitsa mankhwala, koma bungwe silingalowe m'chikwama cha mwana wanu. Mlonda wa pakhomo ndinu.

Nanga njira yake ndi iti? Ndi yotopetsa, n'chifukwa chake ambiri amaithawa. Ku famase yovomerezeka kumapezeka mankhwala otchedwa benzoyl peroxide, ena opaka, ena osambira, nthawi zambiri a 5 peresenti. Osambirawo mumapaka pamsana ponyowa, n'kudikira mphindi 2 mpaka 5 kuti alowerere, chifukwa khungu la kumsana n'lokhuthala, kenako n'kutsukuluza bwino. Yambani modumphitsa tsiku, popeza amaumitsa khungu, ndipo dziwani kuti amachuchutsa thaulo ndi nsalu za mitundu. Sopo wokhala ndi salicylic acid nayenso amathandiza kutsegula timabowo. Koma mvetsani apa: kusintha kumayamba kuoneka pakatha milungu 6 mpaka 8, ndipo kuti muweruze ngati mankhwala agwira ntchito pamafunika milungu 12. Amene amasiya pa sabata yachiwiri n'kuthamangira mandimu, phulusa kapena mankhwala otsukira mano, amangowotcha khungu. Mapanga awiri avumbwitsa.

Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo zambiri zoteteza sizilira ndalama. Ndikudziwa kuti madzi athu ndi ogula pa kiyosiki, ndipo chigubu cha malita 20 chiyenera kukwanira kuphika, kuchapa ndi kusamba. Komabe ukaweruka, ngakhale madzi a m'kabeseni ndi kansalu koyera amachotsa thukuta pamsana. Usagone ndi malaya amene wagwira nawo ntchito. Pa salaula sankha a thonje, omasuka, m'malo mwa nayiloni yothina. Wonyamula matumba aziyala kansalu koyera paphewa n'kumakachapa. Atsikana inu, mafuta a m'tsitsi ndi a m'mawigi amatsikira m'khosi ndi m'mapewa. Mukatsuka tsitsi, msana ukhale womalizira kusamba. Mafuta olemera odzola asungireni miyendo ndi zigongono, kumsana ayi.

Ndipo manja achoke pamenepo. Kufinya, kukanda ndi chipeso, kukwecha ndi mwala kapena chinkhupule cholimba, zonsezi zimaphulitsira mafinya m'kati. Khungu lathu lakuda limasunga chikumbutso: chiphuphu cha sabata imodzi chimasiya banga la miyezi. Ena mwa ife zipsera zimatupa n'kukula kupitirira bala, zimene achipatala amati keloid, ndipo malo amene zimakonda ndi pachifuwa, m'mapewa ndi kumsana komweko. Zimenezi zikakhazikika, kuchotsa kwake n'kovuta.

Pali chinanso chimene msana umatiphunzitsa. Munthu saona msana wake, ndipo dzanja lake silifika pakati pa mapewa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mankhwala abwino amalephera chifukwa mwini wake amangopaka m'mphepete, mwamseri, kuopa kusekedwa. M'nyumba zathu za zipinda ziwiri timagona mothithikana, koma mwana amatha chaka akubisa msana kwa mayi ake omubala. Amayi, muitaneni mwana wanu wamkazi, mumuuze kuti, "Bwera kuno mwanawe, ndikupake." Achimwene, chitani chimodzimodzi kwa mng'ono wanu. Amene akupakayo ndiyenso adzaone ngati zikuchepa kapena zikukula.

Safunsa anadya phula. Si chotupa chilichonse cha kumsana chimene chili chiphuphu wamba. Tiziphuphu toyabwa, tofanana kukula, tobwera nyengo yotentha, kawirikawiri timayamba ndi mafangasi, ndipo mankhwala ake ndi ena. Totupa toyabwa tosatha, tofika m'mikono ndi m'miyendo, nthawi zina ndi chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Kuyezetsa HIV n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo palibe chamanyazi. Ziphuphu zikakhala zazikulu, zolimba m'kati, zowawa pogona chagada, kapena miyezi 3 yatha popanda kusintha, pitani ku kiliniki yathu ya Chaisa. Akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku chipatala cha Chipata Level One, mwinanso mpaka kwa madokotala a khungu ku chipatala chachikulu cha UTH. Kumeneko angakulembereni mapiritsi monga doxycycline, omwa kwa miyezi ingapo motsatira malangizo. Osagula makapisozi awiriawiri mumsewu. Ndipo mayi woyembekezera, kapena amene akuganiza kuti waima, anene msanga, pakuti doxycycline samuyenera, ndipo mankhwala amphamvu otchedwa isotretinoin amapundula mwana m'mimba.

Wakutsina khutu ndi mnansi, n'chifukwa chake ndalankhula mosabisa. Makolo anzanga a m'Chaisa, musanyoze nkhaniyi kuti ndi ya tiziphuphu chabe. Mwana amene wasiya kusewera mpira chifukwa choopa kuvula malaya pamaso pa anzake akudwala ndithu, ndipo wamalonda wa pa kantemba amamumvetsera kuposa ife. Mufunseni lero zimene akudzola, muwerenge dzina lili pa kachubuko, ndipo ngati wakhala akupaka mafuta oyeretsawo kwa nthawi yaitali, mupite naye ku kiliniki akamuuze kasiyidwe kake koyenera.