Mwana wa Ng'ombe Upeza Akudya Udzu, Anaonera Amake

Thole likangobadwa limadziwa bele lokha. Pakapita masabata angapo limayamba kulondola amake kubusa, kununkhiza pamene amake aika kamwa, kubudula kansonga ka udzu ndi kulavula. Palibe amene amalikhazika pansi n'kuliuza kuti uwu ndi msipu, ichi ndi chitsamba chakupha. Limaona chimene amake akudya ndi chimene akuchilambalala, mpaka nalonso lidziwa. Makolo athu ataona zimenezi anati mwana wa ng'ombe upeza akudya udzu, anaonera amake.

Mwambiwu amaunena poyamikira, ndiponso podzudzula. Mwana akakhala wakhama, ulemu umapita kwa omulera. Akakhala wa manja lende kapena wosakaza chuma, anthu amafunsanso kuti anakulira pakhomo pa yani. Phunziro lake n'lakuti mwana amatola zimene akulu amachita kuposa zimene amanena. Pa ulimi wa ng'ombe mfundo imeneyi imaoneka poyera, chifukwa khola silikula m'chaka chimodzi. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9 n'kubereka thole limodzi, ndipo msoti umadikira zaka ziwiri kapena zitatu usanabereke koyamba. Woyamba khola kawirikawiri amamwalira ntchito ili pakati. Funso limakhala lakuti otsalawo anaonera chiyani.

Famu ya King Ranch, kum'mwera kwa chigawo cha Texas ku America, ili ndi yankho lake. Anaiyamba Richard King mu 1853. Iyeyu sanakulire kubusa. Anabadwira ku New York, anathawa kwa bwana wake ali kamnyamata, nakhala woyendetsa sitima za pamtsinje. Atagula malo m'mbali mwa kamtsinje ka Santa Gertrudis, anadziwa kuti ndalama ali nazo koma luso alibe. Mu 1854 anapita kumudzi wa Cruillas ku Mexico, kumene chilala chinavuta, nagula ng'ombe zawo. Kenaka anapempha eni akewo kuti asamuke naye pamodzi ndi mabanja awo. Anthuwa anatchedwa Kineños, ndipo zidzukulu zawo zakhala zikugwira ntchito pafamupo mibadwomibadwo. King anagula ng'ombe, komanso anatenga anthu oti iye ndi ana ake aziwaonera.

King atamwalira mu 1885 anasiya malo aakulu pamodzi ndi ngongole yaikulu. Apa ndi pamene mafamu ambiri amathera: abale amasonkhana, wina atenga ng'ombe khumi, wina agulitsa dambo, maliro asanazizire khola lili pululu. Mkazi wake, Henrietta King, sanalole. Anaugwira mtima, nasunga famuyo yamphumphu kwa zaka 40 mpaka imfa yake mu 1925, ngongole atabweza ndipo malo atawonjezera. Ntchito ya tsiku ndi tsiku anaipereka kwa Robert Kleberg, loya wa banjalo, amene mu 1886 anakwatira mwana wawo Alice. Mkamwiniyu sanadzione mlendo wongodyera. Analimbana ndi nkhupakupa zimene zinkafalitsa matenda akupha ng'ombe, nayamba kusambitsa ziweto m'dibi. Mu 1899 anakumba chitsime chakuya chimene madzi ake ankatumphuka okha, m'dera limene vuto lalikulu linali ludzu.

Mwana wake, Robert Kleberg Jr., anakula akuona zonsezi. Anakwera kavalo ali wamng'ono pakati pa abusa a Kineños, naona bambo ake akulimbana ndi chilala ndi matenda. Anapita kukaphunzira zaulimi ku yunivesite ya Wisconsin, koma anabwerera kufamu akadali mnyamata, ndipo anaiyendetsa mpaka 1974. Chimene anatola kwa akulu chinali chizolowezi chofunsa kuti vuto la ziwetozi lagona pati. Ng'ombe za mtundu wa Shorthorn zinali ndi nyama yabwino koma zinkafooka ndi dzuwa la ku Texas. Za mtundu wa Brahman, za linunda zija, zinkapirira kutentha ndi nkhupakupa. Pafamupo anayamba kukweretsa mitundu iwiriyi, ndipo mu 1920 panabadwa nkhunzi yofiira yotchedwa Monkey, imene inakhala kholo la mtundu watsopano. Mu 1940 boma la America linavomereza mtunduwo pa dzina la Santa Gertrudis. Kuchokera pa kubadwa kwa Monkey mpaka tsiku limenelo panadutsa zaka 20 za kusankha msoti uwu, kupatula nkhunzi iyo, ndi kulemba zonse m'kaundula. Kuleza mtima kotere munthu sakuphunzira m'kalasi mokha.

Tisanamizane kuti kuonera kokha kumakwanira. Henrietta atamwalira, msonkho wa chuma cha masiye ndi kugwa kwa mitengo ya ng'ombe zinaimiza famuyo m'ngongole. Chinaipulumutsa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mayiyu anasiya wilo yoika chumacho m'manja mwa osunga kwa zaka 10, kuti olowa m'malo asathamangire kugawana. Chachiwiri, mu 1933 banjalo linachita pangano ndi kampani ya Humble Oil yofufuza mafuta pansi pa nthaka yawo, ndipo mu 1934 linasandutsa famuyo kukhala kampani imene abale ali ndi magawo. Potero mdzukulu amalandira gawo la phindu, koma sangabwere ndi chingwe kudzakoka ng'ombe yake. Abale atachuluka, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anafika polemba ntchito munthu wakunja kwa banja kuti atsogolere kampaniyo. Lero King Ranch ili ndi maekala pafupifupi 825,000 ndipo ikadali ya zidzukulu za Richard ndi Henrietta. Ana anaonera kuweta, anaoneranso kulemba mapangano ndi kuvomera kuti utsogoleri ukhale kwa wodziwa ntchito.

Mbali yowawa ya mwambiwu ndi yakuti thole silisankha zoonera. Bambo amene amagulitsa msoti wa bere kuti akamwere mowa akuphunzitsa, ngakhale sakudziwa. Amene amajomba kudibi, amene amadyetsa malo amodzi mpaka nthaka kuyera, amene amabisa chiwerengero cha ng'ombe kwa mkazi wake ndi ana ake, onsewa ali ndi ophunzira amene akupenya. Palinso kholo limene limagwira bwino ntchito koma lokhalokha. Limapita lokha kumsika, limakambirana lokha ndi alangizi a ziweto, ana n'kumangotumidwa kutsekula ndi kutseka khola. Tsiku limene kholo lotere ligona, anawo amalandira ng'ombe zimene sadziwa mtengo wake, matenda ake, ngakhale amayi ake, ndipo ogula amawadyera masuku pamutu.

Kaya khola lanu lili ndi ng'ombe 5 kaya 500, lamulo lake ndi lomweli. Mwana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, akhalepo pamene ng'ombe ikubereka usiku. Amve chifukwa chimene mwasungira msoti uwu n'kugulitsa mtheno uwo. Aone buku la ndalama, adziwe ngongole zimene zilipo, amve mmene mumanenerera mtengo. Sukulu apite, pakuti ulimi wa masiku ano umafuna wodziwa kuwerenga mankhwala ndi masamu, koma patchuthi mapazi ake aponde ndowe. Ndipo lembani wilo mukadali ndi mphamvu, muwauze onse ali pamodzi mmene mukufunira kuti khola lisagawike. Mawa mukamapita kubusa, musamusiye mwana kunyumba.