Mipando yotsala m'galimoto ndi ya yani?

Mabanja ambiri a m'parishi za mumzinda kwawo ndi kuchigwa cha Dedza: ku Mua, ku Golomoti, ku Mtakataka ndi midzi ina ya kwa Inkosi Kachindamoto. Banja lotere likayamba kusunga ndalama za galimoto silikhumbira kagalimoto ka anthu anayi. Limaganiza za ana, za agogo ofunika kukawatenga kumudzi, ndi za thumba la mpunga wa ku Bwanje pobwerera. Motero maso amagwera pa Toyota Sienta, Honda Freed, Noah kapena Voxy, galimoto zimene zidayenda kale ku Japan ndipo zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Wogulitsa amafunsidwa za mtengo, chaka ndi mtunda umene galimotoyo yayenda. Funso limene mkhristu ayenera kudzifunsa yekha asanapereke ndalama ndi lina: mipando yotsalayo idzakhala ya yani?

Banja la anthu asanu likagula galimoto ya mipando 7, mipando iwiri imatsala, ndipo anthu amaiona. Mphakati umaidziwa tsiku la maliro. Mnansi amaikumbukira pakati pa usiku mwana akatentha thupi. Kumudzi, galimotoyo ikangoima pakhomo, pamapezeka mayi woyembekezera wofunika kukafika ku chipatala cha Mua, kapena mdzukulu wobwerera ku sukulu ndi sutikesi yake. Ena amadandaula kuti abale amayesa galimoto ya mnzawo ngati ya boma. Dandaulolo lili ndi pake, komabe Mpingo suvomereza kuti mwini katundu angonena kuti zanga n'zanga basi. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha mu 1965, udaphunzitsa kuti Mulungu adalenga za m'dziko kuti zithandize anthu onse, ndipo kuti munthu aziona zinthu zake ngati zoti zipindulirenso ena. Bulubuku ilembedwadi dzina la mwini, koma pamaso pa Mulungu mwiniyo ndi kapitawo.

Malembo Oyera amaonetsa zimenezi pamsewu penipeni. Msamariya wachifundo wa mu Luka 10 sadangomanga mabala a munthu wovulazidwa uja. Adamukweza pa chiweto chake n'kupita naye kunyumba ya alendo. Mu Ntchito za Atumwi 8, nduna ya ku Etiopiya idaitana Filipo kuti akwere pagaleta lake, ndipo mpando umodzi umenewo udaifikitsa ku ubatizo. Mpando wotsala, tsono, ndi mwayi wochitira chifundo umene munthu woyenda pansi alibe.

Apa wina angaganize kuti mkhristu wabwino ndi amene wagula galimoto yaikulu koposa. Sichoncho. Walira mvula walira matope. Noah ndi Voxy zambiri zili ndi injini ya malita 2.0, pamene Sienta ndi Freed zili ndi ya 1.5, ndipo kusiyana kumeneku kumamveka nthawi iliyonse pothira mafuta. Pamwamba pa mtengo wogulira pali msonkho wa ku MRA, inshuwalansi, COF, matayala, oyilo ndi makaniko. Masipeya amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti za mabanja ambiri zidasokonekera tsiku limodzi. Galimoto zongokhala pamiyala kuseri kwa nyumba m'malokeshoni zimachitira umboni kuti kugula n'kosavuta kusiyana ndi kusamala. Galimoto yoima sipita ndi wodwala aliyense kuchipatala, ngakhale ikhale ndi mipando 8.

Mu Luka 14 Ambuye Yesu akukamba za munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi kuwerengera ngati ndalama zake zingamalize ntchitoyo. Kuwerengera kotereku si kuchepa kwa chikhulupiriro. Katekisimu wa Mpingo amayerekeza khalidwe la kuchita zinthu mwanzeru ndi woyendetsa ngolo, chifukwa ndilo limatsogolera makhalidwe ena onse abwino, chifundo chomwe. Bambo amene watenga ndalama za fizi kapena kukongola kwa akatapila kuti agule galimoto yaikulu, n'cholinga choti kumudzi akamuone kuti zikuyenda, walanda ana ake kuti asangalatse anthu odutsa. Mtima umadziwa kubisa kunyada m'malaya a chifundo. Njira yodziyesera ndi yosavuta: galimoto yomweyi ikadakhala yosaoneka bwino, ya utoto wosuluka, koma yolimba ndi ya malo okwanira, kodi banjali likadaifunabe?

Msewu wa kwawo nawonso uyenera kufunsidwa. Wochokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza amapatuka pa Masasa n'kutsika chitunda cha Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, kumene amakumana ndi msewu wa M5 wopita ku Mua ndi ku Mtakataka. Chitunda chimenechi n'chokhotakhota ndi chotsetsereka kwambiri. Galimoto yolemera ikamatsika mwini wake atangoponda buleki osaika giya yaing'ono, mabuleki amatentha n'kuleka kugwira. Pokwera, makamaka m'miyezi ya October ndi November pamene kuchigwa kumatentha koopsa, injini yotopa imawira. Ndiye pali tinjira tafumbi tolowera m'midzi, timene dzinja likafika timasanduka matope, ndipo galimoto yotsika mimba ngati Sienta imakhula pansi. N'chifukwa chake munthu wanzeru amapita ndi makaniko wokhulupirika kukaona mabuleki, giyabokosi ndi kunsi kwa galimoto asanalipire, ndipo amafunsa ngati masipeya ake amapezeka msanga. Ndalama ya makanikoyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi miyoyo imene idzakwere m'menemo.

Pamenepa chifundo chimapeza malire ake. Aliyense woyenda pa M5 adaonapo Sienta itanyamula anthu opitirira mipando yake, katundu atatuluka kumbuyo chitseko chitamangidwa ndi linya. Mpando wachitatu wa m'mbuyo ukatsegulidwa, malo a katundu amatsala pang'ono kutheratu, choncho anthu 7 ndi matumba a mpunga sizingakwanire pamodzi. Kukana azakhali amene aima pakhomo ndi chikwama m'manja n'kowawa, ndipo mawu oti wayamba matama sachedwa kufalikira. Koma lamulo lachisanu la Mulungu limakhudzanso woyendetsa galimoto. Katekisimu, pa nambala 2290, amaika mlandu waukulu pa anthu amene amaika moyo wawo ndi wa anzawo pachiswe pamsewu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro. Kupanikiza mwana wopanda lamba pakati pa akuluakulu potsika Khwekhwerere n'kuika moyo pachiswe momwemonso. Kuwapatsa azakhaliwo ndalama ya minibasi ndi chikondi chachikulu kuposa kuwakweza pamwamba pa thumba.

Nkhani zotere zimafunika kukambidwa galimoto isanabwere, ndipo okamba ake ndi mwamuna ndi mkazi pamodzi, pakuti ngongole ikabwera idzaluma onse awiri. Agwirizane kuti pamwezi angathe kuthira mafuta a ndalama zingati, kuti matenda ndi maliro azikhala patsogolo pa maulendo ena, kuti ndani angabwerekedwe makiyi, ndiponso kuti wachibale amene ali nazo asonkheko ya mafuta pamene wosauka akwere ulere. Kupempha thandizo la mafuta si tchimo. Tchimo ndi kusandutsa wodwala wa usiku kukhala matola.

Kawirikawiri banja lowerengera motere limapezeka litasankha galimoto yocheperapo kusiyana ndi imene linkalota, ndalama ina itatsala ya matayala ndi ya mwadzidzidzi. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mipando iwiri yotsala m'galimoto imene imadzuka m'mawa uliwonse imathandiza anthu ambiri kuposa mipando inayi ya galimoto yodikira sipeya. Ndipo banja limene laona kuti nthawi yogula sinakwane, n'kupitiriza kukwera minibasi kuti ana amalize sukulu, nalonso lasankha mwachikhristu.

Ambiri akagula galimoto amabwera nayo kutchalitchi kuti Bambo Mfumu aidalitse ikatha Misa. Ndi mwambo wabwino. Madzi odalitsidwawo sakonza mabuleki ndipo sabweza ngongole; amakumbutsa mwini kuti galimotoyo yaperekedwa kwa Mulungu pamodzi ndi onse amene adzakweremo. Amene akuimika yake pabwalo la parishi Lamulungu lino ayang'ane pageti asananyamuke. Mwina pali gogo wa mumphakati mwake amene akuyamba ulendo wapansi wobwerera kunyumba.