Musanapite ku atachimenti, tamverani kuno

Adzukulu anga, inu amene mwalemba Fomu 4 ndipo mukudikira kuti TEVETA itulutse mayina, takhalani pansi. Ine ndakalamba ndi pulena m'manja, ndiye pa nkhani ya ntchito zamanja mundilole ndiyankhulepo.

M'masiku athu kampani ndiyo inkayamba kukutenga. Ukasayina pangano, ankakupereka m'manja mwa mmisiri wamkulu. Kukoleji unkapita kwa kanthawi, n'kubwereranso pa benchi, ndipo mayeso a Trade Test unkawakwera ngati makwerero, kuyambira Grade 3 mpaka Grade 1. Ine miyezi itatu yoyamba sindinaloledwe kukhudza thabwa la mlombwa. Ntchito yanga inali kunola chizulo basi. Mkulu uja ankachiyesa pa ubweya wa pamkono wake; ukapanda kumeteka, ankangondibwezera osayankhula kanthu. Ndinkamuda kwabasi, koma mpaka lero chizulo changa chimameta.

Makampani ambiri atatsekedwa kapena kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, njira ija inaphwa. Mu 1999 kunabwera lamulo lomwe linakhazikitsa TEVETA, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha kwacha imodzi pa K100 iliyonse ya malipiro kuti inu muphunzire. Mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, kuwonjezera pa akale aja monga Soche, Namitete, Nasawa ndi Salima. Zimenezi sindikuzinyoza ayi. Atsikana akuwotcherera zitsulo lero, zomwe ife sitinaziloteko.

Koma zinthu zatembenuka. Tsopano mumayamba ndi kalasi, kenako n'kumayendayenda ndi kalata kufunafuna malo a atachimenti. Mmisiri amene wakulandirani sanakusankheni, ndipo akudziwa kuti simukhalitsa. Mnyamata wina anabwera pa shedi yanga pa Ntcheu boma atatha kale miyezi ingapo pamalo ena. Nditamupatsa sikweya, anaigwira chozondotsa. Kumufunsa, akuti kumeneko ankangotumidwa kukagula tchipisi ndi kusesa utuchi. Koma buku lake la atachimenti linali losayinidwa bwinobwino tsamba lililonse.

Ndiye mukapita, musakakhutire ndi siginecha. Kalawirireni, kasesenidi utuchiwo, koma mukatha kayimeni pafupi ndi benchi. Kafunseni chifukwa chake thabwa la paini lapindika, chifukwa chake mbawa saiyendetsa pulena mosemphana ndi mitsempha yake. Mmisiri amabisa luso kwa waulesi. Wofunsa amatopa naye n'kumuonetsa. Foni ikhale m'thumba. Ndipo mukaona kuti mwezi watha musanagwire chida, kauzeni aphunzitsi anu akupezereni pena, manyazi asakugwireni.

Inunso amene simunafike Fomu 4, amene mukuphunzira kwa amalume anu pa Kampepuza kapena pa Lizulu, musadziderere. TEVETA ili ndi njira yoyesera luso lomwe munthu anaphunzirira pa ntchito, n'kumupatsa satifiketi. Kafunseni ku ofesi ya zantchito paboma. Popanda pepala, ntchito zazikulu zomanga sukulu ndi zipatala mudzangoziyang'ana, inu n'kumakhalira maganyu.

Ena a inu mukuganiza zosiya luso n'kuyamba kabaza. Kabaza ndikuidziwa, imabweretsa ndalama tsiku lomwelo, ndipo a ku Tsangano akagulitsa mbatata amakwera osanenerera. Koma njinga yamoto ndi ya eni ake, madzulo mumakapereka ndalama kwa iwo. Ndalama yoyamba imene mupeze, kaguleni chizulo chanuchanu ndi mwala wonolera, mubwere nazo Loweruka m'mawa ndidzakuonetseni kagwiridwe kake.