Kodi Mtengo Wanu Amauika Ndani?

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mwafala chiphunzitso chakuti umphawi uli m'mutu, ukangosintha maganizo ndalama ziyamba kukutsata. Amene amachimva kwambiri ndi achinyamata odzilemba okha ntchito muno mu Kitwe: ojambula zithunzi pa maukwati, okonza mafoni pafupi ndi msika wa Chisokone, oluka tsitsi, osoka zovala, okonza mapositala pa laputopu. Kodi chiphunzitsochi n'choona? Nanga n'chilungamo kuuza munthu wosowa kasitomala kuti vuto ndi mmene amadzionera? Ine ndikuona kuti choonadi chilimo, koma chili pamalo ochepa: pa nthawi imene kasitomala wafunsa kuti, "Ndi zingati?"

Kuti timvetse chifukwa chake funsoli limatinjenjemeretsa, tiyang'ane kumene tinachokera. Ndimakhala ku Nkana West, dera limene kampani ya mgodi inamangira azungu mu nthawi ya atsamunda, pamene anthu akuda anali ku Wusakile ndi makomboni ena. Malo okhala ankanena okha mtengo wa munthu. Ufulu utabwera mu 1964 tsankho la khungu linayamba kutha, koma mgodi unapitiriza kukhala woweruza: giredi yako ndiyo inkasankha nyumba yako ndi ulemu wako. Kampani ya ZCCM, imene inakhazikitsidwa mu 1982, inkapereka nyumba, zipatala, masukulu ndi makalabu a masewera. Bambo akafunsidwa kuti ndinu ndani, ankangotchula kumene amagwira ntchito, nkhani n'kuthera pomwepo.

Dziko limenelo linatha. Migodi inagulitsidwa, ndipo mu 2000 wa Nkana unapita m'manja mwa Mopani. Mu 2015, mtengo wa kopa utatsika, Mopani inachotsa antchito oposa 4,000. Koma maganizo sanagulitsidwe pamodzi ndi migodi. Mpaka lero m'nyumba zambiri ntchito yeniyeni ndi ya yunifomu ndi malipiro a pamwezi, zina zonse ndi zongotayira nthawi. Ndimazimva kwa ana amene ndinawaphunzitsa. Ndikakumana nawo m'tauni n'kuwafunsa zimene akuchita, amayankha akuyang'ana pansi kuti, "Palibe, aphunzitsi, ndikungojambulako zithunzi podikira ntchito." Ena mwa iwo ajambula zaka zitatu, amalipira lendi ndi kamera yomweyo, komabe m'mitima mwawo ndi malova.

Maganizo amenewa amadya ndalama zenizeni. Munthu wodziona ngati wongodikira sawerengera ntchito yake. Tiyerekeze mtsikana amene wapemphedwa kujambula phwando tsiku lonse. Ayenera kukwera basi kupita ndi kubwera, kugula bandulo yotumizira zithunzi, kukhala usiku wonse akuzikonza, ndi kusunga kena kake poti kamera idzafa tsiku lina. Tinene kuti zonsezo zakwana K400. Koma poti amaona ngati kasitomala akumuchitira chifundo pomupatsa ntchito, amati, "Mungondipatsa zimene muli nazo." Apatsidwa K300, athokoza kawiri, abwerera kwawo atalipira yekha K100 kuti agwire ntchito. Amachita manyazi kupempha dipoziti. Amaopa kukana wachibale wofuna zaulere. Ngongole ikakhalitsa amaopa kukumbutsa, kuti angamuone ngati wamwano. Luso ali nalo ndithu. Chimene alibe ndi chilolezo cha mumtima chotchula mtengo, chifukwa anakulira kumene mtengo wa munthu unkachokera ku ofesi ya abwana.

Mpaka apa ndikugwirizana ndi aphunzitsi a maganizo. Tisiyana pamene ayamba kunena kuti maganizo ndiwo zonse. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Wowotcherera zitsulo wodzikhulupirira ndi wodzikayikira onse anakhala pansi mofanana. Mgodi ukachotsa anthu ntchito, maukwati amachepa, ojambula nawonso amagona ndi njala. Kuuza anthu otere kuti alephera chifukwa choganiza mwaumphawi ndi nkhanza, ndipo kumamasula amene ali ndi udindo wokonza magetsi, misewu ndi ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono. Ngakhale Carol Dweck wa ku Stanford University, amene buku lake lotchedwa Mindset la mu 2006 linatchukitsa mawuwa, ankakamba za kuphunzira: kuti wokhulupirira kuti luso limakula pochita khama sataya mtima msanga akalakwitsa. Sanalonjeze munthu galimoto. Zimene ndimaona m'kalasi n'zomwezo. Mwana wodzikhulupirira amayesanso samu imene yamukanika, koma chikhulupiriro sichimugulira buku.

Choncho tisiyanitse zinthu ziwiri. Mtengo wa kopa ku London, mvula ndi magetsi sizili m'manja mwanu, ndipo musadziimbe mlandu pa zimenezo. Koma mtengo umene mutchula, nthawi imene mufika, ntchito imene muvomera ndi imene mukana, zili m'manja mwanu. Mmene mumadzionera zimalamulira mbali yachiwiri yokhayi. Ndi yaing'ono, koma bizinesi ya munthu mmodzi imakhala kapena kufa pomwepo.

Palinso mbali ya chikhalidwe imene sitiikamba. Kudzichepetsa pa mtengo timakuona ngati khalidwe labwino, koma sikupweteka mwini yekha. Mukajambula ukwati pa mtengo wa basi, mawa kasitomala yemweyo akauza mnzanu kuti, "Uja anandichitira motchipa." Mwatsitsa mtengo wa onse ogwira ntchitoyo. Makolo athu anazindikira zimenezi movutikira. Mu 1940 antchito achizungu a m'migodi atanyanyala ntchito n'kuwonjezeredwa malipiro, antchito akuda nawonso ananyanyala, ndipo asilikali anawombera pa Nkana pompano, anthu 17 n'kufa. Mu 1949 anakhazikitsa bungwe la antchito akuda a m'migodi lotsogoleredwa ndi Lawrence Katilungu. Anthu amenewo sanayambe ndi kudziuza pagalasi kuti ndi opambana. Anayamba ndi kuwerengera thukuta lawo, n'kutchula mtengo wake pamodzi. Ojambula, osoka ndi okonza mafoni a lero alibe bwana mmodzi womunyanyalira, koma angathe kukhala pansi, kuuzana mitengo moona, ndi kugwirizana malire osatsikirapo.

Kudzikweza nakonso ndi msampha. Alipo amene amadzitcha CEO pa Facebook asanamalize ntchito ngakhale imodzi pa nthawi yake, amene amatenga dipoziti n'kuzimitsa foni. Ameneyo ndi uja wa "mungondipatsa zimene muli nazo" akudwala matenda amodzi: onse akuyang'ana mmene anthu akuwaonera, osati ntchito ili patsogolo pawo. Akale anati fumbi ndiwe mwini, koma fumbi limabuka pamene munthu akuyendadi.

Ulemu wodzipatsa umamangidwa ndi umboni, ndipo umboniwo mungausonkhanitse. Gulani kope la K10, muzilemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Musanayambe ntchito, tumizani mtengo ndi tsiku lomalizira pa WhatsApp kuti pakhale polozera. Pemphani theka poyamba, osapepesa. Ndalama za bizinesi zikhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena MTN MoMo, zisasakanikirane ndi za ndiwo. Zikayamba kuyenda, lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA ndipo tengani TPIN ku ZRA, chifukwa makampani ndi masukulu amafuna mapepala amenewo asanakupatseni ntchito. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha, kopelo lidzakuuzani zoona: mwina ntchitoyo ikukudyetsani, mwina muyenera kusintha njira. Yankho lililonse mwa awiriwa liposa kungodikira.

Kale giredi ya munthu inkalembedwa ndi kalaliki wa mgodi. Ambiri a inu simudzakhala ndi kalaliki wotero, ndipo zimenezo n'zoopsa ndithu, sindikubisirani. Koma wina akadzakufunsani zimene mumachita, tchulani ntchito yanu ndi dzina lake, osayamba ndi "palibe". Akafunsa kuti ndi zingati, tchulani nambala imene munawerengera, kenaka khalani chete mudikire yankho.